Funsani Adokotala: Khansa yafika m'anabele, nanga bwanji akuti siteji 1?

Makalata a mwezi uno ndachita kuwasankha. Onse anayi ndi a chithokomiro, kachiwalo kaja kokhala kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Atatu anabwera ndi fotokope ya lipoti la ku labotale, ndiye ndayankha mapepalawo ali patebulo, magalasi ali pamphuno. Mayina ndachotsa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Adokotala, ndine mphunzitsi, zaka 38, ana atatu. Chaka chatha ndikuvala mkanda pagalasi ndinaona kachotupa pakhosi, kosapweteka n'komwe. Pa opaleshoni anachotsa chithokomiro chonse ndi anabele a mbali ya kumanja. Lipoti lalemba kuti papillary thyroid carcinoma, chotupa masentimita 2.6, anabele 7 mwa 24 ali ndi khansa, ndipo pansi alemba pT2 N1b. Adokotala akuti ndi siteji 1. Ine sindikukhulupirira. Mayi anga aang'ono anatisiya ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo itafika m'anabele anatiuza kuti ndi siteji 3. Kodi sakungonditonthoza? Ndiuzeni zoona kuti ndikonzekere ana anga. (Mayi wa ku Zomba)

YANKHO: Mayi, pepani ndi zimene munaona pa mayi anu aang'ono. Koma adokotala anu sanakunamizeni. Lipoti lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo ngati m'mapapo ndi m'mafupa mulibe kanthu, imeneyi ndi siteji 1 ndithu. Chikukusokonezani n'chakuti mukuyeza khansa yanu ndi muyezo wa khansa ina. Ya khomo la chiberekero, ya kum'mero, ya Kaposi, zimene taziona zikutenga abale athu kuno kwathu, iliyonse ili ndi mayendedwe ake ndi masiteji ake. Ya papillary ndi imene imapezeka kwambiri pa khansa za chithokomiro, pafupifupi 8 pa 10 zilizonse. Imakonda amayi kuposa abambo, ndipo kawirikawiri imayenda ngati nanzikambe.

Tiyeni tiwerenge zilembozo limodzi. T ndi chotupa: kukula kwake ndi pamene chafika. Chikakhala sentimita imodzi kapena kuchepera, ngati njere ya chimanga, ndi T1a. Kupitirira apo mpaka masentimita 2, ngati masau, ndi T1b. Chanu cha 2.6 chili pa T2, kutanthauza kuti chaposa 2 koma sichinadutse 4, ndipo chidakali m'kati mwa chithokomiro. Chikaposa 4, ngati dzira la nkhuku yachikuda, ndi T3a. Kuchoka pamenepo sitiyezanso ndi rula, timayang'ana chimene chotupacho chagwira. Dokotala wa opaleshoni akaona ndi maso ake kuti chamatirira minofu yopyapyala ya kutsogolo kwa khosi, ndi T3b, ngakhale chikhale chaching'ono. Chikalowa m'njira ya mpweya, m'kholingo, kum'mero kapena m'kamtsempha koyendetsa mawu, ndi T4a. Chikakafika kumsana kwa khosi kapena kukulunga mtsempha waukulu wopita ndi magazi kumutu, ndi T4b. Ka p kakang'ono kali kutsogoloko kakungonena kuti muyezowo sanauganizire pa sikani ayi, anauyeza ku labotale chotupacho chili m'mbale.

N ndi anabele. N0 ndiye kuti ndi oyera. N1a ndi anabele a pakati pa khosi, oyandikana ndi chithokomiro. N1b, yanuyo, ndi a m'mbali mwa khosi. M ndi kutali, makamaka mapapo ndi mafupa. Mwaona kuti M palibe pa pepala lanu. Wa ku labotale analandira nyama ya pakhosi yokha, sangalembe za mapapo amene sanawaone. Amene angakuuzeni kuti ndi M0, kutanthauza kuti sinafike kutali, ndi adokotala amene anaona zithunzi za pachifuwa chanu, ndiye ulendo wotsatira muwafunse zimenezi.

Tsopano pali chinthu chimene chimadabwitsa ngakhale ana asukulu ya udokotala ndikamawaphunzitsa. Pa khansa iyi, zaka za munthu zimalowa m'masamu a siteji. Amene khansa yamupeza asanakwane zaka 55 ali ndi masiteji awiri okha. Ngati sinafike kutali, ndi siteji 1, chotupa chikule bwanji, anabele achuluke bwanji. Ngati yafika m'mapapo kapena m'mafupa, ndi siteji 2. Siteji 3 ndi 4 kwa iye kulibe. Sikuti anachita izi pomvera chisoni achinyamata ayi. Atatsatira odwala ambirimbiri kwa zaka zambiri, anaona kuti munthu wamng'ono, ngakhale anabele atadzaza khosi, sakonda kufa ndi khansa imeneyi. Malamulowa amalembedwa ndi bungwe la ku America la AJCC, ndipo buku lawo lachisanu ndi chitatu, limene tikugwiritsa ntchito, linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2018. Kale malire anali zaka 45.

Nkhani ya malire amenewa imandikumbutsa cholakwa changa. Ndisanakule m'ntchito, anabwera mayi wina wosoka zovala, wa zaka 47, anabele a m'mbali mwa khosi ali ndi khansa ngati inu. Mwa buku la nthawi imeneyo, N1b pa zaka zimenezo inali siteji 4A. Ndinalemba choncho m'kabuku kake, ndinamuuza nambalayo, koma sindinakhale naye pansi kumufotokozera tanthauzo lake. Pa mzere panali anthu ambiri, ine ndikuthamanga. Atabweranso patapita miyezi itatu ndinamva kuti wagulitsa makina ake osokera, wagawa nsalu kwa azichemwali ake, akungodikira tsiku. Manyazi amene ndinachita sindidzaiwala. Chikhala kuti anabwera lero, matenda omwewo, khosi lomwelo, ndikanalemba siteji 1. Mayiyo alipo, anagula makina ena, ndipo diresi imene ndinavala pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga anasoka ndi iyeyo.

Koma ndisakusiyeni mukungovina. Siteji imayankha funso limodzi: kodi matendawa andipha? Pa anthu 100 a siteji 1, amene khansayi sinawaphe pakatha zaka 10 amakwana 98 kapena kuposa. Funso lachiwiri ndi lakuti kodi ingabwerere, ndipo limeneli siteji siliyankha. Apa ndi pamene anabele anu 7 aja amalankhula. Malangizo a 2015 a bungwe la akatswiri a chithokomiro la American Thyroid Association anagawa odwala m'magulu atatu: amene mwayi wobwerera ndi wochepa, wapakati, ndi waukulu. Mwa malangizo amenewo, anabele akaposa 5 munthu ankalowa gulu lapakati. Mwanabele mmodzi akafika masentimita 3 ankakwera gulu lapamwamba. Lipoti lanu silinanene kuti wamkulu pa onse anali wamkulu bwanji, komanso ngati khansayo inaboola khungu la mwanabele n'kutulukira kunja. Funsani ziwirizi.

N'kutheka ndithu kuti akuuzani za ayodini wa cheza, amene achipatala amati radioactive iodine. Maselo a chithokomiro ndi amene amamwa ayodini m'thupi, ndipo maselo a khansayi nthawi zambiri sasiya khalidwe limeneli. Ndiye timawapatsa ayodini wokhala ndi cheza, ngati nyambo ya makoswe. Mumameza kapisozi kapena timadzi, mumakhala patali ndi ana kwa masiku angapo, ndipo mimba isayambe mpaka patapita miyezi 6 kapena chaka. Si chipatala chilichonse chili ndi mankhwala amenewa, choncho nkhani ya kumene mukalandirire iyambike msanga. Kenako kumabwera kuyeza magazi kotchedwa thyroglobulin. Chinthu chimenechi chimapangidwa ndi maselo a chithokomiro okha. Inu chithokomiro mulibe, ndiye m'magazi mwanu chiyenera kukhala chochepetsetsa. Chikayamba kukwera, amenewo ndi mapazi a mbala pamchenga, timatenga sikani n'kuyang'ana khosi. Nambala iliyonse muziilembetsa m'kabuku kanu ka kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake, chifukwa nambala imodzi payokha sinena zambiri, chimene timawerenga ndi kukwera kapena kutsika kwake.

Ana anuwo akonzekereni za fizi.

FUNSO: Adokotala, ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndinawaitanitsa bambo anga, a zaka 61, kuti adzaonane ndi madokotala kuno. Anawachotsa chithokomiro miyezi iwiri yapitayo. Chotupa chawo ndi masentimita 1.8 basi, anabele awiri a pakati pa khosi, koma akuti siteji 2. M'lipoti mulinso mawu amene akundisowetsa tulo: tall cell, BRAF V600E positive, microscopic extrathyroidal extension. Ndikafufuza pa intaneti ndimangoona zoopsa. Komanso chichitireni opaleshoni mawu awo ndi osasa, sakuthanso kuyambitsa nyimbo monga ankachitira kutchalitchi. Kodi ndiye kuti khansa yatsalira pakhosi? (Mnyamata wa ku Joni)

YANKHO: Achimwene, werengani kaye yankho lili pamwambali, chifukwa bambo anu ali tsidya lina la malire a zaka 55 aja. Kwa amene afika 55, makwerero ake ndi aatali. Chotupa chosaposa masentimita 4, anabele ali oyera, ndi siteji 1. Anabele akangokhudzidwa, kapena chotupa chikakhala T3, ndi siteji 2. T4a ndi siteji 3, T4b ndi 4A, ndipo ikafika kutali ndi 4B. A bambo ndi T1b N1a, n'chifukwa chake ali pa 2 ngakhale chotupa chawo n'chocheperapo kuyerekeza ndi cha mayi wa ku Zomba uja. Siteji 2 imeneyi anthu ochuluka kwambiri amakhala nayo zaka zambiri ali bwinobwino.

Pa mawu atatu akukusowetsani tulowo, awiri ndikuchotserani m'mutu, limodzi ndikusiyirani.

Loti microscopic extrathyroidal extension likunena kuti pa maikulosikopu anaona timaselo titasuzumira kunja kwa chithokomiro, pamene dokotala wa opaleshoni ndi maso ake sanaone kanthu. Khungu la chithokomiro n'lopyapyala ndipo pena n'loduka, kotero akatswiri awiri amatha kutsutsana pa galasi limodzi lomwelo. Kale zimenezi zinkakwezera munthu ku T3. Kuyambira 2018 sizisinthanso siteji.

BRAF V600E ndi kusintha kumene kwachitika m'maselo a chotupacho. Kumapezeka pa pafupifupi theka la khansa zonse za papillary, kuphatikizapo zambirimbiri zimene zimachira popanda vuto. Si chinthu chimene bambo anabadwa nacho ndipo sanakupatsireni inu. Pachokha sichisintha siteji.

Limene ndikukusiyirani ndi tall cell. Khansa ya papillary ili ndi mitundu, ndipo wa ku labotale amaizindikira poona maonekedwe a maselo. Awa a tall cell ndi aatali, msinkhu wawo pafupifupi katatu kuyerekeza ndi m'lifupi mwake, atandandalika ngati mapolo a mpanda. Mtundu umenewu, pamodzi ndi ina iwiri yotchedwa columnar cell ndi hobnail, ndi wamakani: umakonda anthu achikulire, umabwerera kawirikawiri kuposa papillary wamba, ndipo nthawi zina sumwa bwino ayodini wa cheza uja. Pa siteji sukuoneka, koma pa ndondomeko ya chithandizo ukuoneka. Ine ndikanakhala dokotala wawo, a bambo sindikanawalola kudumpha tsiku la sikani ngakhale limodzi, ngakhale litagwera pa nthawi yokolola.

Za mawu, funso langa ndi ili: anasasa liti? Ngati anali osasa opaleshoni isanachitike, imeneyo ndi nkhani ina, chifukwa chotupa chimatha kugwira kamtsempha ka mawu. Koma mwanena kuti zayamba atachitidwa opaleshoni, ndipo chotupa chawo sichinali T4. Kumbuyo kwa chithokomiro kumadutsa timitsempha tiwiri towonda ngati ulusi, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo, ndipo ndi timene timayendetsa zingwe za mawu. Pochotsa chithokomiro timatha kukokeka kapena kusupuka, ngakhale m'manja mwa katswiri. Palinso kena kapamwamba kamene kamathandiza kukweza mawu, ndipo kakavulala munthu amalankhula bwino koma nyimbo imamukanika pamwamba. Ambiri mawu amabwerera pakapita milungu kapena miyezi. Pemphani dokotala wa makutu, mphuno ndi khosi awayang'ane ndi kakamera kolowetsa m'mphuno, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Akamatsamwa pomwa madzi kapena kubanika, musadikire tsiku limene anakupatsani. Chimodzimodzi akamamva dzanzi m'milomo ndi m'nsonga za zala: kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi ngati njere za mpunga timene timasunga mlingo wa kashiamu m'magazi, ndipo timakonda kunyanyala pambuyo pa opaleshoni.

Asanakwere basi yobwerera kumudzi, atenge lipoti lonse la ku labotale, kalata ya dokotala wa opaleshoni, ndi mlingo wolembedwa bwino wa levothyroxine, piritsi lolowa m'malo mwa ntchito ya chithokomiro. Piritsi limeneli ndi la moyo wonse, m'mamawa, ndi madzi okha, phala lidikire theka la ola kapena ola lathunthu. Mapiritsi a kashiamu ndi owonjezera magazi atalikirane nalo maola anayi. Ndaonapo anthu obwera kuchokera kunja ndi chipsera pakhosi koma opanda pepala lililonse, ukawafunsa mtundu wa khansa amangoti "anati yachotsedwa." Safunsa anadya phula, achimwene. Funsani mudakali komweko.

FUNSO: Ndili ku Leeds, ndimasamalira okalamba, zaka 44. Anandijambula khosi pa nkhani ina ndiye anapeza kachotupa ka mamilimita 7. Atakabaya ndi singano akuti ndi papillary. Chodabwitsa n'chakuti adokotala andipatsa chisankho: kuchotsa theka la chithokomiro, kapena kungokayang'anira ndi sikani. Akumudzi akuti ndikusekerera khansa, ena akuti azungu sakufuna kundiwonongera ndalama. Ndipo chandiyambitsa n'chiyani, foni kodi? (Chemwali wa ku Mangalande)

YANKHO: Achemwali, sakukuchitirani umbombo. Kachotupa kosaposa sentimita imodzi ndi T1a, ndipo maganizo ongokayang'anira sanayambire ku Britain. Anayambira ku Japan, pa chipatala cha Kuma mumzinda wa Kobe, m'chaka cha 1993. Madokotala kumeneko anatsatira odwala a timatupa totere kwa zaka zambiri osawachita opaleshoni. Tochuluka sitinakule. Ochepa amene tawo tinakula anawachita opaleshoni pambuyo pake ndipo kudikirako sikunawatayitse kanthu. Anaonanso kuti timakonda kukula mwa achinyamata kuposa mwa achikulire, zimene munthu sangaganize.

Phunziro lina linachokera ku South Korea. Kumeneko anthu athanzi anayamba kujambulitsa makosi mwaunyinji, ndipo pofika 2011 opezeka ndi khansa ya chithokomiro anachuluka maulendo 15 kuyerekeza ndi 1993. Koma omwalira nayo sanachuluke ndipo sanachepe. Anthu ambirimbiri anachotsedwa chithokomiro, akumwa mapiritsi mpaka lero, ena mawu anasasa, chifukwa cha timatupa timene tikanagona m'khosimo mpaka ukalamba osawavutitsa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma kudekha kumeneku kuli ndi malamulo. Kachotupako kasakhale kotsamira njira ya mpweya kapena kamtsempha ka mawu. Anabele akhale oyera pa sikani. Ndipo inu mukhale munthu wopezeka pa sikani, poyamba miyezi 6 iliyonse, kenako chaka ndi chaka. Apa ndi pamene ndimasiyana pang'ono ndi anzanga ena amene amakonda njira imeneyi kwa aliyense. Ngati mukhalitsa kumeneko, yang'anirani, n'zanzeru. Koma ngati mukuganiza zobwerera kumudzi posachedwa, kumene sikani yabwino ya khosi ndi ulendo wa tsiku lathunthu, kapena ngati ndinu munthu amene simungagone podziwa kuti kanthuko kali m'khosi, kuchotsa theka si kulakwa. Theka lotsalalo kwa anthu ambiri limakwanitsa ntchito lokha.

Foni isiyeni. Chimene tikudziwa motsimikiza kuti chimayambitsa khansa iyi ndi cheza champhamvu chikagunda khosi munthu ali mwana. Malo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl ataphulika mu April 1986, ana a ku Belarus, Ukraine ndi Russia anamwa mkaka wa ng'ombe zodya udzu wogwerapo ayodini wa cheza, ndipo patapita zaka zochepa khansa ya papillary inachuluka pakati pawo. Kwa ochepa ena imayenda m'banja. Ngati mayi, bambo kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo, muwauze adokotala.

FUNSO: Agogo anga akumudzi kumapiri a ku Ntcheu ali ndi chithokomiro chachikulu ngati papaya, chakhala zaka zoposa 20. Anatemerapo mphini kangapo koma sichiphwa. Chimenechi ndi siteji yanji? (Mdzukulu wa ku Lilongwe)

YANKHO: Mdzukulu, siteji timapereka kwa khansa yotsimikizika, ndipo zotupa zambiri za chithokomiro si khansa. Za agogo zikumveka ngati chithokomiro chathu chakale chija cha kuchepa kwa ayodini m'zakudya, chimene chinali chofala kumadera a mapiri mchere wa m'mapaketi wokhala ndi ayodini usanafike paliponse. Kukula si umboni wa khansa. Ndachotsapo zazikulu ngati mutu wa mwana zopanda khansa n'komwe, ndipo mwaona nokha pamwambapa kuti khansa imatha kukhala ngati njere ya chimanga.

Zondidetsa nkhawa ndi izi: chotupa chimene chakhala phee zaka zonsezi chikayamba kukula mwadzidzidzi, mbali ina ikalimba ngati mwala, mawu akasasa osabwerera, nsima ikamavuta kumeza, akamabanika pogona chagada, kapena m'mbali mwa khosi mukatuluka anabele osapweteka. Chimodzi mwa izi chikaoneka, yambani ku chipatala cha boma cha m'dera lanu kuti akupatseni kalata yopita ku chipatala chachikulu, kumene amajambula khosi ndi kutenga timaselo ndi singano yowonda. Mphini zilekeke, zimangosiya zipsera pamalo amene mpeni wa dokotala ungadzafune kudutsa. Musawagulirenso mankhwala a ayodini poganiza kuti chiphwa. Chithokomiro chokalamba chotere sichiphwa ndi ayodini, ndipo mukawachulukitsira chimatha kulusa, mtima n'kuyamba kuthamanga, thupi n'kumatha.

Mukapita kumudzi, akhazikeni agogo pakhonde powala, muwapatse chikho cha thobwa, inu muyang'ane pakhosi akamameza. Chotupa cha chithokomiro chimakwera n'kutsika pamodzi ndi kholingo. Mukaona kuti chaima chilili ngati anachikhomera, ulendo wa kuchipatala ukhale wa sabata yomweyo.